Mlonda Wobisala M'mawaya: Alamu ya Galimoto Imadziwa Bwanji Kuti Kwabwera Wakuba?

Munamvapo galimoto ikulira yokha m'kati mulibe munthu? Nyali zake zili phethiphethi, phokoso lili tetete, mwiniwake akutuluka m'sitolo ndi liwiro, makiyi ali m'manja. Galimoto ilibe maso ndiponso ilibe makutu. Nanga yadziwa bwanji kuti wina waikhudza? Yankho lili m'mawaya obisika kuseri kwa chiwongolero. Galimoto zina zimachoka ku fakitale zili kale ndi alamu, koma zambiri, makamaka zakale, eni ake amachita kukagula alamu m'sitolo n'kupita nayo kwa mmisiri wa zamagetsi kuti akaiike. Lero tiona ntchito ya mmisiri ameneyu, ndipo tikaionera ku Rustenburg, m'dziko la South Africa.

Tauni ya pulatinamu

Rustenburg ili m'chigawo cha North West, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Johannesburg. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Setswana, koma mukayenda m'misewu mudzamvanso zilankhulo za ku Lesotho, ku Mozambique, ku Eastern Cape ngakhalenso Chichewa chathu. Chimene chinasonkhanitsa anthu onsewa ndi chuma cha pansi pa nthaka. Mu 1924, katswiri wa miyala dzina lake Hans Merensky anatsimikiza kuti kufupi ndi Lydenburg kuli mwala wokhala ndi pulatinamu, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti mzere wa mwala womwewo ukupezekanso ku Rustenburg. Lero makampani monga Impala Platinum ndi Sibanye-Stillwater ali ndi migodi ikuluikulu m'derali, ndipo South Africa imatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu wokumbidwa pa dziko lonse lapansi.

Kodi pulatinamu akukhudzana bwanji ndi alamu? Pulatinamu ndi chitsulo chosowa kwambiri. Anthu a mu mgodi akakumba mwala wolemera tani imodzi, amapezamo magalamu ochepa chabe, osakwana ndi 10 omwe. Gawo lalikulu la chitsulochi limathera kunsi kwa galimoto, m'kachitini kolumikizidwa ku paipi yotulutsa utsi kotchedwa catalytic converter. M'menemo pulatinamu ndi zitsulo zinzake, palladium ndi rhodium, zimasintha mpweya wapoizoni wochokera mu injini kuti usawononge kwambiri thanzi la anthu. Popeza zitsulozi n'zodula, akuba ena safuna n'komwe galimoto yonse. Amangoikweza ndi jeke, n'kudula kachitiniko. Ena amafuna wailesi, batire kapena matayala, enanso galimoto yonse. Bambo kapena mayi amene wagwira ntchito zaka zambiri pansi pa nthaka kuti agule Toyota Hilux kapena VW Polo, amaisiya panja usiku wonse akalowa shifiti. N'chifukwa chake amafuna mlonda amene sagona ndiponso satopa. Mlonda ameneyo ndi alamu.

Magetsi amafuna njira yobwererera kwawo

Ambiri a inu munayatsapo kababu ka tochi ndi batire ndi tiwaya tiwiri, mwina pokongoletsa galimoto yanu yamawaya. Munaona kuti kababuko sikayaka ndi waya mmodzi. Magetsi amayenera kuchoka mbali imodzi ya batire, kudutsa m'babu, n'kubwerera ku mbali inayo. Njirayo ikaduka paliponse, babu limazima. Swichi iliyonse ya pa dziko lapansi imagwira ntchito imodzi yokha: kudula njirayi kapena kuilumikiza. Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsa theka la nkhani ya alamu.

Batire la tochi lili ndi mphamvu ya ma volt 1.5. La galimoto lili ndi zipinda 6 m'kati mwake, chilichonse chopereka ma volt 2.1, ndipo likakhala lodzaza bwino zonse pamodzi zimakwana ma volt 12.6. M'zipindamo muli mtovu ndi asidi. Batire la mtundu umenewu analipanga koyamba Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mpaka lero likugwirabe ntchito m'galimoto zambiri. Injini ikamalira, makina otchedwa alternator amabwezeretsa mphamvu m'batiremo.

Pamwamba pa batire pali mitu iwiri. Wina uli ndi chizindikiro cha +, wina cha −. Opanga galimoto anaganiza mochenjera. M'malo mokoka mawaya awiri kupita ku nyali iliyonse, analumikiza mutu wa − ku chitsulo cha galimoto yeniyeniyo. Choncho thupi lonse la galimoto ndi njira yobwererera magetsi. Waya mmodzi amabweretsa magetsi ku nyali, ndipo magetsiwo amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo. Gwiritsitsani mfundo imeneyi chifukwa tikumana nayo kangapo.

Zimene zili m'katoni

Mwini galimoto akatsegula katoni ya alamu, amapezamo kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho. Kabokosika ndiko kamaganiza ndi kulamula zonse. Amapezamonso sayirini, yomwe ndi hutala wolira mokuwa, tizida tomva kugwedezeka, kanyali kofiira koika pa dashibodi, marimoti awiri, ndi mtolo wa mawaya amitundumitundu. Waya aliyense ali ndi kwake. Wina amabweretsa magetsi, wina amawabweza, ena amanyamula uthenga wochokera ku zitseko, ndipo ena amanyamula malamulo kupita ku sayirini, ku nyali ndi ku maloko. Waya mmodzi akalowa polakwika, alamu imalira pachabe, kapena imakhala chete wakuba ali pa ntchito, kapenanso imaotcha zida za galimoto.

Mmisiri ayamba ndi kufufuza

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kudula mawaya. Amayamba watsegula pepala losonyeza mmene mawaya a galimoto ya mtundu umenewo anayalidwira, chifukwa waya wobiriwira wa mu Toyota sagwira ntchito yofanana ndi waya wobiriwira wa mu Ford. Kenako amachotsa mapulasitiki a pansi pa chiwongolero n'kutenga mita yoyezera magetsi yotchedwa multimeter. Mita imeneyi ili ndi nsonga ziwiri. Yakuda amaigunditsa ku chitsulo cha galimoto, yofiira ku waya amene akumukayikira, ndipo manambala amaoneka pa kagalasi.

Woyamba kumufuna ndi waya wokhala ndi ma volt 12 nthawi zonse, ngakhale makiyi ali m'thumba. Ameneyu ndiye amadyetsa alamu usana ndi usiku. Wachiwiri ndi waya amene amasonyeza 0 injini ikazima, koma 12 makiyi akatembenuzidwa. Kudzera mwa iyeyu kabokosi kamadziwa kuti galimoto ili pa ulendo, ndipo sikayenera kulira kapena kukhoma chilichonse mwadzidzidzi. Wachitatu ndi wa sitata, yemwe amakhala ndi magetsi pa kanthawi kokhako kamene injini ikulizidwa. Kenako amafufuza wa zitseko, wa ma indiketa ndi a maloko. Akapeza aliyense amamuika chizindikiro. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kufufuzaku nthawi zambiri kumatenga nthawi yaitali kuposa kulumikiza kwenikweniko.

Akawapeza onse, amatenga sipanala n'kumasula mutu wa − pa batire. Amayamba ndi wa − nthawi zonse. Chifukwa chake n'chiyani? Kumbukirani kuti chitsulo chonse cha galimoto n'cholumikizidwa ku −. Sipanala ikakhala pa mutu wa − n'kugunda chitsulo mwangozi, palibe chimachitika, popeza zonsezo ndi mbali imodzi. Koma ikakhala pa mutu wa + n'kugunda chitsulo, magetsi ochuluka zedi amadutsa mu sipanalamo, moto umathetheka, ndipo munthu angapse dzanja. Batire lokha limatulutsanso mpweya wa hydrogen umene sukhalira kuyaka.

Waya wakuda wa alamu, yemwe amabweza magetsi, amamangidwa ndi bawuti pa chitsulo cha galimoto. Mmisiri amayamba wapala penti pamalopo mpaka chitsulo chiwale, chifukwa penti ndi dzimbiri sizilola magetsi kudutsa bwino. Alamu zambiri zovutavuta vuto lake limakhala pa kabawuti kameneka.

Chitseko chimaulula bwanji?

Tsiku lina mukadzatsegula chitseko cha galimoto, mudzayang'ane pa mphuthu yake. Pa galimoto zambiri mudzaona kabatani kokutidwa ndi labala. Chitseko chikatsekedwa chimakanikiza kabataniko m'kati, ndipo njira ya magetsi imakhala yoduka. Chikatseguka, kasipuling'i kamakankha kabatani kunja, waya wake amakhudzana ndi chitsulo cha galimoto, njira imalumikizika, ndipo nyali ya kudenga imayaka. Kabataniko anakaika kuti kazingoyatsa nyali, koma mmisiri amalumikiza waya wa alamu kwa waya yemweyo. Kabokosi kamakhala kakuyeza waya ameneyu mosalekeza. Chitseko chili chotseka, kamaona ma volt 12. Manambalawo akangotsika kufika pa 0, kamadziwa kuti chitseko chatseguka. Ngati mwiniwake sanadine rimoti, ndiye kuti wotsegulayo ndi mlendo. Mmisiri amaikanso timabatani totere pa boneti ndi pa buti, kuti wofuna kuba batire kapena tayala lapadera asadutse mwakachetechete.

Nanga wakuba akaswa galasi?

Wakuba wochenjera satsegula chitseko. Amaswa galasi n'kupisa dzanja. Apa pamagwira ntchito kachida komva kugwedezeka. M'tizida tambiri totere muli kachidutswa kodabwitsa kamene kakapanikizidwa kapena kugwedezedwa kamatulutsa timagetsi tochepa. Anatulukira khalidwe limeneli ndi anyamata awiri apachibale a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880, pamene ankafinya miyala yonyezimira monga quartz. Kachidutswa ka mtundu womwewo ndi kamene kamathethetsa moto mu laitala yodina. Galimoto ikamenyedwa, kugwedezekako kumayenda m'chitsulo, kumafika pa kachidako, ndipo timagetsi timathamangira ku kabokosi. Kukhudza pang'ono kumabweretsa timagetsi tochepa, ndipo sayirini imangoti pwi-pwi kuchenjeza. Kumenya kwamphamvu kumabweretsa ambiri, ndipo imalira ndi mphamvu zonse.

Pa kachidaka pali kabawuti kowonjezera kapena kuchepetsa kumva kwake, ndipo apa m'pamene pamaonekera luso la mmisiri. Nthawi ya dzinja ku Rustenburg kumagwa mvula ya mabingu amphamvu, ndipo m'misewu ya ku migodi mumadutsa malole olemera usana ndi usiku. Kachida kakamva mopitirira, alamu imalira bingu lililonse ndi lole iliyonse. Usiku woyamba anansi amadzuka. Pakatha sabata amangotembenuka n'kufunda bulangete. Tsiku lobwera wakuba weniweni, palibe amasuzumira pa windo. Choncho mmisiri amamenya tayala ndi phazi, amagogoda galasi ndi chikhatho, n'kumapotokola kabawuti mpaka alamu izilira pokhapokha pali chifukwa.

Alamu zina zili ndi timaso tiwiri toikidwa m'mbali mwa galasi lakutsogolo. Kwenikweni si maso ayi. Kamodzi kamatulutsa mawu okwera kwambiri, ogwedezeka maulendo 40,000 pa sekondi, pamene khutu la munthu limalekeza pa maulendo 20,000. Kachiwiri kamamvetsera mawuwo akamabwerera atagunda mipando ndi magalasi. Dzanja likalowa, mawu obwererawo amasintha, ndipo kabokosi kamadziwa. N'chifukwa chake eni galimoto amatseka mawindo onse, popeza mphepo yolowa pa kampata ingathe kuliza alamu. Palinso kachida komva kupendekeka. Kameneka kamakumbukira mmene galimoto inaimira, ndipo wina akaikweza ndi jeke kuti abe matayala kapena kachitini ka pulatinamu kaja, kamaulula nthawi yomweyo.

Kukuwa ndi kukaniza injini

Kabokosi kakamva uthenga woipa, kamachita zinthu zitatu. Choyamba kamatumiza magetsi ku sayirini. Mmisiri amaimanga pansi pa boneti, kutali ndi mapaipi otentha, kukamwa kwake kutayang'ana pansi kuti madzi a mvula asadikhemo. Phokoso timaliyeza ndi ma decibel. Anthu akamacheza amafika pa 60, pamene sayirini zambiri zimafika pa 110 kapena 120, lomwe ndi phokoso lotha kuwononga makutu a munthu woima pafupi. Zina zili ndi kabatire kawokawo m'kati, moti wakuba akadula waya wa batire lalikulu, zimalirabe. Chachiwiri, kabokosi kamathwanimitsa ma indiketa kuti anthu aone galimoto imene ikulira pakati pa zinzake zambirimbiri.

Chachitatu n'chimene chimapweteka wakuba kwambiri: injini imakana kulira. Mmisiri amadula waya wa sitata n'kulumikiza nsonga zake ziwiri ku kachida kotchedwa relay. M'kati mwa relay muli waya wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri. Magetsi akadutsamo, mkulungowo umasanduka maginito n'kukoka kachitsulo, ndipo kachitsuloko kamadula kapena kulumikiza njira ya waya wamkulu. Mwa njira imeneyi timagetsi tochepa ta m'kabokosi timalamula magetsi ambiri. Alamu ikakhala yotchera, relay imadula njira ya ku sitata, ndipo wakuba angatembenuze makiyi kangati, injini imangoti zii. Amisiri osamala amakonda waya wa sitata pa chifukwa chabwino: injini ikalira, sitata imakhala yamaliza ntchito yake, choncho ngakhale relay itawonongeka pa msewu wa N4, galimoto singazime pakati pa ulendo.

Kachida kotsika mtengo kopulumutsa galimoto

Pa waya wobweretsa magetsi ku alamu, mmisiri amaikapo fyuzi, ndipo amaiika pafupi kwambiri ndi pamene watengera magetsiwo. Fyuzi ndi kapulasitiki kokhala ndi kawaya kopyapyala m'kati, kopangidwa dala kuti kazisungunuka magetsi akachuluka. Tiyerekeze kuti waya wakhuzika pa chitsulo chakuthwa mpaka wasupuka. Mkuwa wake ukakhudza thupi la galimoto, magetsi amapeza njira yachidule yobwererera ku batire, ndipo amathamanga ochuluka kwambiri. Popanda fyuzi, waya amafiira, pulasitiki amayaka, ndipo galimoto yonse ingapse. Fyuzi ikakhalapo, kawaya kake kamaduka msanga ndipo ngozi imathera pomwepo. Mtundu wa fyuzi umasonyeza mphamvu yake: yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Kuika waya wamba kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi yopsa n'kuitana moto.

Polumikiza mawaya, mmisiri wabwino samangopotokola ndi zala. Amawotcherera kapena kupana ndi zolumikizira zake, amakuta bwino, n'kumanga mtolo wonse kuti usalendewere pafupi ndi mabuleki. Galimoto imagwedezeka tsiku lililonse, ndipo mfundo yomangidwa mwaulesi imamasuka pakapita miyezi. Pali mawaya ena amene sawakhudza n'komwe. Amenewo ndi okhala ndi zolumikizira zachikasu, opita ku airbag, chikwama cha mpweya chimene chimafufuma pa ngozi kuti chiteteze dalaivala. Magetsi akalowa mwangozi m'mawaya amenewa, chikwamacho chingaphulike kumaso kwa mmisiri.

Galimoto zatsopano zili ndi chinsinsi china. M'malo mwa waya mmodzi pa ntchito iliyonse, zili ndi timakompyuta tambiri totumizirana mauthenga pa mawaya awiri opiringizana. Njira imeneyi imatchedwa CAN bus, ndipo kampani ya Bosch ya ku Germany inaionetsa koyamba mu 1986. Pa galimoto zotere alamu imangowerenga mauthengawo, monga wakuti chitseko chakumbuyo chatseguka. Kudula mawaya awiriwa mwachisawawa kumasokoneza galimoto yonse. Ku South Africa kuli bungwe la VESA, limene limayesa zida zotetezera galimoto ndi kuvomereza malo oikira zidazo, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi amafuna kuona satifiketi yake.

Nzeru ya m'karimoti inachokera ku South Africa

Mukadina rimoti, imatumiza nambala yachinsinsi kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo ambiri mwa marimoti a kumeneko amagwiritsa ntchito mafunde ogwedezeka maulendo 433 miliyoni pa sekondi. Marimoti akale ankatumiza nambala imodzimodzi tsiku lililonse. Wakuba wokhala ndi makina omvetsera ankaijambula n'kudzaitumizanso mwiniwake atachoka. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku South Africa komweko, Frederick Bruwer, Gideon Kuhn ndi Willem Smit, anapanga njira yotchedwa KeeLoq pa kampani ya Nanoteq. Mwa njira imeneyi nambala imasintha nthawi iliyonse mukadina. Rimoti ndi kabokosi zimadziwa masamu ofanana opezera nambala yotsatira, ndipo nambala imene yagwira kale ntchito siloledwanso. Mu 1995 kampani ya ku America ya Microchip Technology inagula nzeru imeneyi pa mtengo wa madola 10 miliyoni, ndipo inafalikira m'marimoti a galimoto ndi a mageti m'mayiko ambiri. Nzeru ya mu Africa inakatseka zitseko za ku Ulaya ndi ku America.

Akuba nawonso sanagone. M'malo oimika galimoto pa masitolo akuluakulu a ku South Africa, ena amabisala n'kumadina rimoti ina pa nthawi yomwe mwini galimoto akudina yake. Mafunde awiriwo amasokonezana, kabokosi sikamva kanthu, ndipo zitseko zimakhala zosakhoma. Mwiniwake amapita kukagula zinthu poganiza kuti zonse zili bwino. Mankhwala ake salira ndalama: munthu akadina rimoti ayang'ane ngati ma indiketa athwanima, kenako akoke chogwirira chitseko ndi dzanja. Imeneyi ndi ntchito imene ngakhale inu mungathandize makolo anu.

Tiwerengere limodzi

Alamu imadya magetsi ngakhale ili chete. Tiyerekeze kuti ikudya ma amp 0.02 ola lililonse. Pa tsiku la maola 24 ndi 0.02 × 24, zomwe ndi 0.48. Pa masiku 30 ndi 0.48 × 30, zomwe ndi 14.4. Ngati batire limasunga 60 pa muyeso womwewu, ndiye kuti alamu yokha yadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, osawerengera wotchi, wailesi ndi makompyuta a galimoto amenenso amadya pang'onopang'ono. Mwaona chifukwa chake amalume amene anasiya galimoto ku Rustenburg mu Disembala n'kubwera kumudzi kudzadya Khirisimasi amakaipeza ikukana kulira mu Januwale? Wosiya galimoto nthawi yaitali amapempha munthu wodalirika kuti aziyendetsako, kapena amalumikiza batire ku tchaja yaing'ono.

Pangani alamu yanu

Mungathe kupanga alamu ya chitseko cha chipinda chanu mopanda ngozi. Pezani mabatire awiri a tochi, kababu ka tochi kapena kabelu kamagetsi kochokera m'chidole chakale, tiwaya titatu, pegi yoyanikira zovala, kachidutswa ka katoni, ulusi ndi tepi. Pemphani munthu wamkulu akusendereni nsonga za mawaya.

Gundanitsani mabatire awiriwo, mutu wa lina ukhudze kunsi kwa linzake, n'kuwamata ndi tepi. Waya woyamba achoke ku + kupita ku kababu. Wachiwiri achoke ku kababu, ndipo nsonga yake yosenda muikulunge pa mlomo wam'mwamba wa pegi. Wachitatu achoke ku −, nsonga yake muikulunge pa mlomo wam'munsi. Pegi ikatseka, mawaya awiriwo akhudzana ndipo kababu kayaka. Tsopano lowetsani kakatoni pakati pa milomo ya pegi. Kababu kazima chifukwa njira yaduka. Boolani kakatoniko, mangiriranipo ulusi, ndipo nsonga ina ya ulusi muimange ku chitseko. Pegi ndi mabatire muzimate pa khoma. Wina akatsegula chitseko, ulusi ukoka kakatoni, pegi itseka, ndipo kababu kayaka kapena kabelu kalira. Mwapanga chinthu chogwira ntchito mofanana ndi kabatani ka pa mphuthu ya chitseko cha galimoto. Ikakana, chitani zimene mmisiri amachita: londolani njira ya magetsi kuchokera ku + mpaka ku −, mfundo ndi mfundo, mpaka mupeze pamene yaduka.

Gwiritsani ntchito mabatire a tochi okha. Batire la galimoto lili ndi asidi wootcha khungu ndi maso, ndipo magetsi a m'nyumba amapha. Zimenezo si zoyeserera ana. Komanso mukamva alamu ikulira usiku, musathamangire panja kukaona. Dzutsani akuluakulu, ndipo iwo ndiwo aimbire apolisi. Ku South Africa nambala yawo ndi 10111.

Mawu kwa inu

Amisiri a zamagetsi a galimoto amachita kuphunzira. Ku Rustenburg kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Orbit TVET College, ndipo kuno kwathu kuli masukulu monga Soche Technical College ndi Lilongwe Technical College, komanso bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro otere. Atsikana ndi anyamata omwe amalandiridwa. Galimoto za masiku ano zikudzaza ndi mawaya ndi makompyuta, ndipo anthu odziwa kuwerenga mita ndi kulondola njira ya magetsi adzafunika kwambiri m'tsogolo muno. Limbikirani masamu ndi sayansi. Mukadzadutsa pa galaja, mudzapereke moni mwaulemu, mudzaime patali bwino, ndipo mudzapemphe amisiri kuti akuonetseni fyuzi ndi relay. Safunsa anadya phula, choncho funsani mafunso, ndipo mukapanga alamu yanu ya pegi, mukaionetse aphunzitsi ndi anzanu ku sukulu.